Tinaifunira Akazi Zinziri

Amuna anga amayendetsa thirakitala pa famu ya ng'ombe zamkaka, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kudula udzu wodyetsa ng'ombezo. Ine ndimaweta zinziri kuseri kwa nyumba, m'makola a waya osanjikizana, n'kumagulitsa mazira. Nyumba yathu ndi yomaliza pa mzere wa nyumba za antchito. Ukaima pa khomo lakuseri, kumanja kuli makola angawo, kutsogolo kuli mpanda wa waya, ndipo ukadumpha mpandawo walowa m'munda wa udzu umene umakathera kumsewu.

Thirakitala inawadya makutu bambowa. Sikuti ndi ogontha ayi, ndipo musadzayerekeze kuwauza choncho, angakusungireni mangawa mpaka chaka chamawa. Kungoti ukawauza kuti madzi osamba atentha, amayankha kuti zikomo adya kale. Ndinazolowera, moti pakhomo pathu nkhani zachinsinsi zimamveka mpaka nyumba yachitatu.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, anandigwedeza phewa m'mamawa kukali mame.

"Mayi, tatulukani mudzandimverere."

"Ndikumverereni chiyani m'mawa uno?"

"Zinziri. Ndikufuna ndidziwe ngati zatha ndi zinziri kapena makutu angawa."

"Zinziri zathe bwanji? Si izo zadzaza makola kuseriko?"

"Zanuzo ndi tinkhuku tating'ono," anatero akumanga nsapato. "Ine ndikunena zinziri."

Mawu amenewo anandiwawa pang'ono, poti tinkhuku timeneto ndi timene timatigulira sopo. Koma ndinafunda nsalu n'kuwatsatira. Tili pa mpanda paja anandifotokozera zimene sanandiuzepo zaka zonse za ukwati wathu. Akuti pamene ankayamba ntchito, mvula ikagwa munda wonse unkalira, ngodya iyi ikuitana, ngodya iyo ikuyankha. Pofika nthawi yodula udzu, tianapiye tinkathamanga kutsogolo kwa thirakitala ngati timipira ta thonje, mwakuti ankachita kuima kuti tidutse. Kenako chaka ndi chaka kulira kuja kunayamba kuchepa. Iwo anangokhala chete osauza munthu, chifukwa ankaopa kuti akafunsa anzawo awayankha kuti, madala, zinziri zikulira bwinobwino, vuto ndinu.

Ndinatchera khutu. Kumbuyo kwathu matambala anga a m'khola anali kukukuta mawu monga mwa masiku onse, mawu okhala ngati munthu akukoka tebulo pa simenti. Koma kutali, kumunsi kwa munda cha ku ngalande, kunamveka kanthu kena. Kanali kakuthwa, koyera, kodukadukiza: tswi, tswi-tswi. Kanaima, kenako kanabwerezanso.

"Ilipo," ndinawauza. "Koma ndi imodzi."

"Imodzi basi?"

"Imodzi basi. Mbali zinazi kuli zii."

Tinadumpha mpanda n'kuyenda m'udzu wonyowa mpaka pamene nawonso anaimva. Nkhope yawo inandisokoneza. Anasangalala kuti makutu akugwirabe ntchito, ndipo nthawi yomweyo anakhumudwa kuti makutuwo ankanena zoona zaka zonsezi.

Pobwerera anandiphunzitsa mmene zinziri zakutchire zimachitira. Sizikhala malo amodzi chaka chonse, zimabwera ndi mvula. Amayamba kufika ndi matambala, aliyense n'kugwira kachigawo kake ka udzu n'kuyamba kulira. Zazikazi zimabwera pambuyo, zikuuluka, ndipo zimatera pamene zamva kulira. Ndinaloweza zimenezi monga mmene munthu amalowezera nkhani ya mwamuna wake, khutu limodzi likumva, lina likuganiza za madzi a pamoto.

Tsiku lomwelo anapita kwa akapitawo kukapempha kuti ngodya ya ku ngalande idzadulidwe pomaliza, kuti zinziri ija ipeze mkazi, iswe ana, anawo adziwe kuuluka. Akapitawo athu ndi munthu wabwino koma wa ntchito yake. Akuti anawayang'ana bambowa nthawi yaitali ngati akufuna kununkhiza mkamwa mwawo.

"Madala, udzu ukakhwima ng'ombe zimaukana, mukudziwa kuposa ine. Yambani mbali zinazo. Koma ngodya imeneyo ikangoyamba kutulutsa njere, mudule, kaya muli zinziri kaya muli njovu."

Ndiye mpikisano unali umenewo, wa ana a zinziri ndi njere za udzu.

Masiku anapita, kambalame kaja kakungolira. M'mawa kakulira, dzuwa likapendeka kakulira, mvula ikakata kakulira. Ine amene ndili ndi makutu abwino ndi amene ndinavutika. Ndikamachapa ndinkakamva, ndikamatola mazira ndinkakamva, mpaka kulira kwake kunandilowa m'mutu ngati nyimbo ya pa wailesi. Ndinayamba kukamvera chisoni chenicheni. Kanyama kochepa ngati chibakera cha mwana, kakuitana m'munda waukulu chonchija, popanda ndi mmodzi yemwe woyankha.

Tsiku lina tikumwa tiyi ndinangoti, mwanthabwala, "Bwanji tingomupatsa akazi mnzanuyu? Ine ndili nawo ambirimbiri, ndipo sadandaula za mtunda."

Ndinkayembekezera kuti aseka. Sanaseke. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono n'kundiyang'ana ngati ndatulukira mankhwala a imfa.

"Zingatheke?"

"Zinziri ndi zinziri, bambo. Kapena mukadali pa mawu anu aja akuti ndi tinkhuku?"

Anandipepesa pomwepo, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri. Madzulo ake tinali kumakola, tikusankha misoti ngati tikusankhira mwana wathu mkazi. Iwo ankafuna yokongola, ya mawanga ooneka bwino pachifuwa. Ine ndinkafuna yoikira kwambiri, poti ndimaidziwa umodzi umodzi. Tinakangana, tinagwirizana, n'kupatula ingapo yonenepa bwino imene sinkaphonya tsiku osaikira.

M'mawa mwake tinainyamula m'katoni mpaka ku ngalande. Nditatsegula katoni, misoti yanga inatuluka n'kungoti njo. Chibadwire inali isanapondepo dothi. Umodzi unkanyamula miyendo m'mwamba ngati ukuponda phala lotentha, wina unayang'ana chiwala chikudutsa n'kuchipatsa njira mwaulemu. Wachitatu unanditsatira pobwerera mpaka ndinachita kuubweza ndi dzanja. Ndinasiya chakudya m'chivundikiro cha ndowa pansi pa chitsamba, ndi madzi m'chitini, chifukwa ndinaona kuti akwatibwi amenewa kudzisakira okha sangathe.

Sipanapite nthawi, kulira kuja kunayamba kuchepa. Kenako kunatheratu.

M'mawa woyamba wa chete, bambo anachita mantha. Anaima pa mpanda akupotoza mutu uku ndi uku, kenako anandifunsa ndi mawu otsika, "Ndi ineyo kodi?"

"Si inu. Yasiyadi."

"Yafa?"

Tinapita mozemba kukasuzumira. Tinaipeza ili moyo, ndipo kanali koyamba kuti ndiione ndi maso. Inali yaing'ono kuposa zanga, yowonda, yowongoka, ikuyenda chowerama pakati pa mapesi a udzu, misoti yanga iwiri ikuitsatira mwaulesi. Itangotiona inazimiririka pomwepo ngati yalowa pansi. Misoti ija inatsala poyera ikutiyang'ana, kudikira chakudya.

"Wakwatira mnzanu," ndinatero. "Munthu wokwatira akuwenso kuti amve ndani?"

Tinaseka mpaka kunyumba. Masiku amenewo bambo ankapita kuntchito akuimba mluzu, ndipo tsiku lina anabwera masana ndi nkhani ina yokoma. Akudula udzu mbali ya kumsewu, kutali ndi ngalande, anavumbulutsa zinziri ina yakutchire, yaikazi, imene inauluka motsika n'kukatera chapatali.

"Zayamba kubwera," anatero. "Mwina nayonso ikalowa mitala."

Mawa lake anaifunafuna koma sanaionenso. Sitinaganizirepo kwambiri, chifukwa tsiku lomwelo tinapeza dzira loyamba.

Linali pamwamba pa kachulu, poyera, padzuwa. Ena awiri tinawapeza mu mkwasa wa tayala la thirakitala. Lina linali m'chivundikiro cha chakudya momwemo. Bambo anaima atagwira m'chiuno.

"Zisa zimene ndinkaziona ine sizinali chonchi. Yaikazi inkafukula kadzenje pansi pa tsinde la udzu, n'kuyalamo timaudzu touma, mazira onse pamodzi. Ukhoza kuponda pambali pake osaona."

"Ndi alendo," ndinaikira kumbuyo misoti yanga. "Sanazolowere nyumba."

Ndiye bambo akuluakulu, a imvi zawo, anagwada m'matope n'kukumba chisa ndi chidendene cha nsapato. Anayalamo udzu wofewa, anasonkhanitsa mazira onse n'kuwaika mwadongosolo, nsonga zikuyang'ana pakati. Chisa chinali chokongola, ineyo ndikanakhala zinziri ndikanakhalapo.

Koma m'mawa uliwonse tikapita, mazira ankakhala ozizira ngati miyala ya mumtsinje. Atsopano ankapezeka apa ndi apo, bambo n'kumawatolera ku chisa chawo, muluwo n'kumakula, koma wofungatira panalibe.

Apa ndi pamene nyumba yathu inasanduka bwalo la milandu. Woyamba kuzengedwa anali khwangwala. Bambo anati akhwangwala achuluka chiyambire kutaya zinyalala kuseri kwa khola la ng'ombe, ndipo amakhala pa mizati ya mpanda kuonerera chilichonse choyenda m'udzu. Mwina akuopseza misoti kuti isakhale pa chisa. Ine ndinati khwangwala saopseza, amadya, ndipo mazira onse alipo. Wachiwiri anali mphaka wa aneba, amene ndimadana naye pa zifukwa zanga. Wachitatu likongwe. Kenako anatchula mankhwala amene amapopera m'munda wa chimanga kutsidya kwa msewu, amene anamaliza ziwala ndi timbozi tomwe anapiye amadya. Anatchula mvula imene masiku ano imabwera yonse tsiku limodzi n'kumiza zisa. Pomaliza anatchula udzu weniweniwo. Kale unkadulidwa kamodzi, mvula itatha, ana a zinziri atauluka. Mtundu watsopano umene anadzala pa famu umakula msanga, ndipo umadulidwa mobwerezabwereza mvula ili mkati.

"Zonsezo zikhoza kukhala zoona," ndinawauza. "Koma palibe chimene chikufotokoza mazira ozizira awa."

Nzeru ya phulusa inali yanga, ndipo ndimanyadira nayo mpaka lero. Ndinasefa phulusa la pa mbaula n'kuliwaza mozungulira chisa, losalala ngati ufa, kuti aliyense wobwera asiye siginecha yake. M'mawa mwake tinagwada kuwerenga. Mapazi a mphaka panalibe, ndipo zinandikhumudwitsa. A likongwe panalibe, mkwasa wa njoka panalibe. Panali timapazi topyapyala ta tambala uja, tofika m'mphepete n'kubwerera. Panalinso mapazi olemera a msoti, amene anachokera kumanzere, kuponda pakati penipeni pa chisa, n'kutulukira kumanja kulunjika ku chakudya. Sunaime n'komwe.

"Mwina mazirawo ndi opanda kanthu, ndiye misoti ikudziwa," anatero bambo. "Mwina mnzathuyu ndi wokalamba."

Zimenezo ndi za m'manja mwanga. Ndinatenga dzira limodzi, kunyumba ndinaliswera mu sosala n'kupita nalo pawindo. Woweta aliyense amadziwa kuti dzira la tambala limakhala ndi kamphete koyera pa mbali yake yachikasu ija, pamene lopanda tambala limangokhala ndi kadontho. Kamphete kanalipo, kooneka bwino.

"Mnzanu alibe mlandu," ndinawauza. "Ntchito yake wagwira."

Anasangalala ngati ndayamikira iwowo. Koma funso linali pomwepo, ndipo udzu wa ku ngalande unali utayamba kutupa kunsonga.

Ndinaganiza zoyesa ndekha. Ndinatenga msoti wina wa m'khola, ndinayala udzu m'dengu, ndinaikamo mazira ofunda, n'kuika dengulo pakona ya khitchini pamene pali kamdima ndi bata. Ndinakhala pa mpando ndikusenda mbatata, diso lili pa dengu. Msoti unayang'ana mazira. Unakwera pamwamba pake n'kuima chilili ngati munthu wodikira basi. Unajompha udzu, unachita chimbudzi pa dzira limodzi, n'kudumphira pansi kukafufuza makoko a mbatata. Ndinaubwezera, unatulukanso. Ndinavundikira dengu ndi lichero mpaka madzulo, ndipo nditavundukula ndinaupeza utagona pambali, mazira ali okha uko.

Apa ndi pamene ndinadzifunsa. Zaka zonse zimene ndaweta zinziri, kodi ndinaonapo imodzi itafungatira? Sindinaonepo. Koma sindinadabwepo, chifukwa pansi pa makola anga ndi popendekeka, dzira likangoikiridwa limagubuduka n'kukaima m'kangalande ka kunja. Ndinkangoti sizifungatira chifukwa mazira amazithawa. Ana ndimaswetsa m'makina, kabokosi kokhala ndi babu mkati, kamene kali pa shelefu kuchipinda.

Makinawo ndi zinziri zanga zoyamba ndinazitenga kwa mlamu wanga, mchemwali wa bambowa, amene ali ndi sitolo ya zakudya za nkhuku m'tauni. M'mawa mwake ndinakwera basi. Ndinamupeza ali kuseri kwa sikelo, tsitsi lili mbuu ndi fumbi la chakudya, matumba ataunjikana mpaka kudenga, pakona makatoni a anapiye akulira onse pamodzi. Ndinadikira kuti kasitomala atuluke, n'kumufotokozera zonse, kuyambira pa mpanda mpaka pa dengu.

Mlamu anayamba ndi kumwetulira. Nditafika pa achimwene ake akukumba chisa ndi chidendene, anakhala pa thumba la chakudya n'kuseka mpaka misozi inalemba mizere m'fumbi la kumaso.

"Mlamu, inu ndi achimwene mwagwirizana misala eti? Zinziri zathuzi kufungatira zinaiwala kalekale. Mayi wawo ndi babu. Agogo awo ndi babu. Mukafufuza mtundu wawo wonse mupeza mababu okhaokha."

"Palibe ndi imodzi yomwe?"

"Mwina imodzi pa khola lonse, nayonso ikhala masiku awiri n'kutopa. Anthu amene anayamba kuziweta ankasankha zoikira tsiku ndi tsiku. Yofungatira imasiya kuikira, ndiye inkapita mu poto. Inuyo posankha akwatibwi munasankha otani?"

"Oikira kwambiri," ndinayankha motsitsa.

"Ndiye munasankha ma dokotala a kusafungatira." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya epuloni. "Tolani mazirawo muike m'makina, aswa bwinobwino. Muwauze achimwene asadandaule."

Ndinabwerera ndikuseka ndekha m'basi, ndikukonza mmene ndikawafotokozere bambo. Kwa ine nkhani inali itatha, ndipo inali yoseketsa. Ndinafika dzuwa litapendeka, ndinasintha zovala, ndinatenga chitini cha chakudya n'kuyamba kuzungulira makola monga mwa nthawi zonse.

Khola lomaliza, lapansi, ndi la matambala otsala, amene ndimawapatula kuti ndidzagulitse a nyama. Amenewo ndiwo amasokosa pakhomo pathu. Kuyambira m'bandakucha amakhala akukukuta mawu, khosi litatambasuka, mpaka aneba anadandaulapo. Matambala amene ali m'makola a misoti salira choncho. Amalira mwa apo ndi apo, mwaulesi, ngati munthu woyasamula. Izi ndinkazidziwa kuyambira kale, mwakuti tambala akandisowetsa mtendere ndinkangomuponyera ku misoti kuti atseke pakamwa.

Ndinaima pamenepo chitini chili m'manja. Mawu a bambo a tsiku loyamba lija, amene ndinawamva ndi khutu limodzi, anabwerera onse. Zazikazi zimatera pamene zamva kulira.

Kuseka konse kunandithera.

Bambo ndinawapeza ku shedi akutsuka zitsulo zodulira udzu. Nkhani ngati imeneyi imafunika kunong'ona, koma kwa amuna anga kunong'ona n'kutaya nthawi, ndiye ndinachita kuikuwa pakati pa mathirakitala. Ndinayamba ndi za babu. Anapukusa mutu, anatsala pang'ono kuseka. Kenako ndinawauza za matambala a khola lapansi.

"Kulira kuja sikunali kudandaula, bambo. Inali ntchito yake. Ife tinaitseka pakamwa."

Anasiya nsanza yotsukira pa tayala. Anakhala pa chitsulo chokokera ngolo. Ndinadziwa pamene maganizo awo afika, chifukwa anga anali atafika kale pomwepo.

"Ija ya kumsewu ija," anatero.

"Eya."

"Inatera m'munda mwathu momwe muno. Inakhala tsiku lathunthu."

"Inamvetsera, sinamve kanthu, inapitirira."

Sanandinene, ngakhale nzeru inali yanga. Nanenso sindinawanene, ngakhale anaivomera ndi manja awiri. Pofuna kuwatonthoza ndinatchula zimene ananena mlamu, zoika mazira m'makina.

"Kuti nawonso akhale ana a babu?" anafunsa. "Ndiye chaka chamawa adzafungatire ndani?"

Madzulo omwewo tinapita ku ngalande. Kubweza akwatibwi sikunavute. Ndinangogwedeza chitini cha chakudya, ndipo anatulukira m'udzu akuthamanga, owonda, amatope, nthenga zili nyankhalala, osatembenuka n'komwe kutsanzika mwamuna. Msoti umodzi sunabwere. Tinangopeza nthenga zake pansi pa mzati wa mpanda, ndipo pamenepo mwina mphaka uja anali ndi mlandu ndithu. Ndinachotsa chivundikiro, chitini cha madzi ndi mazira onse. Bambo anafafaniza chisa chawo ndi phazi.

M'mawa wotsatira kunali zii. Wotsatiranso chimodzimodzi. Bambo ankangoyang'ana pakamwa panga, ine n'kumapukusa mutu. Ndinayamba kuopa kuti mwina zinziri ija yanyanyala n'kuchoka, ndipo ndikanaimvetsa. Koma m'mawa wina, ndikutsuka mbale pa khomo lakuseri, ndinamva tswi, tswi-tswi, kuchokera pamalo pake pomwe paja. Ndinathamanga ndi thovu m'manja kukawakoka bambo ku bafa.

Inalira mwamphamvu kuposa kale. Ife tinayamba kuyang'ana kumwamba ngati anthu odikira ndege. Bambo akamadula mbali zina ankayendetsa thirakitala pang'onopang'ono, maso ali kutsogolo kwa zitsulo, kuti mwina avumbulutsanso yaikazi ina. Sanavumbulutse. Nyengo yodutsa zazikazi inali itapita, kapena zimene zinatsala zinali zochepa kwambiri kuti ina isochere kwathu. Zimenezo sitidzadziwa.

Udzu sunadikire. Akapitawo anabwera okha pakhomo, atanyamula tsinde limodzi lodzaza njere, n'kuliika pa tebulo pafupi ndi kapu ya bambo. Sanakalipe.

"Madala, ndayesetsa. Ana aswa?"

"Sanaswe."

"Pepani. Mawa mudule."

Tsiku lodula ndinawapempha bambo kuti ndiziyenda kutsogolo kwa thirakitala ndi ndodo, ndikumenya udzu. Anayambira pakati kupita kunja, kuti chilichonse chili momwemo chipeze kothawira. Mumtima ndinali ndi kachiyembekezo kopusa, kakuti mwina pali chisa china chimene sitinachione, kuti mwina timipira ta thonje tija titulukira mwadzidzidzi pa mapazi anga. Ndinamenya tsinde lililonse. Munatuluka achule, mbewa imodzi ndi ziwala zowerengeka. Titayandikira ngalande, kanthu kanaphulika pafupi ndi phazi langa, prrr, n'kuuluka motsika pamwamba pa udzu wodulidwa. Ndinadikira kuti kachiwiri katsatire. Inali zinziri yathu ija, yokha.

Bambo anaimitsa thirakitala. Anayang'ana kumene yakatera, m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, kenako anakweza zitsulo n'kukhota. Anasiya kamzere ka udzu kosadula, kopapatiza ngati mphasa zingapo zolumikiza. Akapitawo atafunsa madzulo, anawauza kuti pamenepo nthaka ndi yofewa, thirakitala ikhoza kutitimira. Akapitawo anayang'ana nthaka youma gwa ija, anayang'ana bambo, n'kunena kuti inde, ndi yofewadi.

M'mawa mwake ndinadzuka ndekha, osagwedezedwa. Ndinatenga chitini kuti ndikadyetse zinziri zanga, ndipo ndinawapeza bambo ali kale pa mpanda. Munda wonse unali utametedwa mpala mpaka kumsewu, kupatula kamzere kaja kumunsi. Mphepo inkachokera kwathu kupita uko, ndiye ndinadziwa kuti iwo sangamve kanthu.

"Ikulira?" anafunsa osanditembenukira.

Ndinatchera khutu. Inali kulira, yokhayokha, m'kaudzu kochepa kaja, pakati pa munda wopanda kanthu. Chisoni chija chinandigwiranso chimodzimodzi ngati poyamba, ndipo kumbuyo kwanga misoti inali kudzaza makola, yonenepa, yopanda chochita.

"Ikulira," ndinawauza.

Anagwedeza mutu. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira chitini chimene chinali m'manja mwanga, kuti chisachite phokoso.

"Isiyeni ilire, mayi. Alipo amene ikumuitana. Si ife."